Ndani Anapempha Kuti Tisamukile ku Petauke?

Akonzi, nkhani iyi ndailemba katatu. Kawili ndinaing'amba n'kuiponya pamoto. Ulendo uno ndayamba ndamata sitampa pa envulopu, kuti mtima ukandibweza ndiope kuononga sitampa.

Ndine Mildred Chibuye, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwili. Kuyambila ndili wamng'ono anthu amati ndine mwana wabwino, chifukwa alendo akabwela ndimagwada, ndimapeleka moni, kenaka ndimasowa. Yambani mwawelenga, mudzanene nokha.

1

Mpaka chaka chatha, 1986, tinali kukhala ku Chawama mu Lusaka, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwili. Banja lathu lenileni ndi la anthu anai: atate a Abraham Chibuye, Mbemba wa ku Mpika, mphunzitsi wa Giledi 7, amai a Christabel, Mlozi wa ku Mongu, amene anali ndi tebulo logulitsilapo tinsomba ta kapenta pamsika, ine, ndi mng'ono wanga Jennipher. Koma pakudya tinali kutulutsa mbale khumi ndi imodzi. Aliyense wa ku Mpika kapena ku Mongu amene analota ntchito mu Lusaka anali kutsikila pakhomo pathu, ati kwa sabata imodzi chabe. Amalume ena anafika ndili mu Giledi 6. Ndinalemba mayeso a Giledi 9 sabata yawo ija isanathe.

Zinthu zinali kukwela mtengo, zina kusowelatu. Amai anali kudziwa mizele yonse ya mu tauni: wa sopo, wa shuga, wa mafuta ophikila amene timati saladi. Akaona anthu atatu aima motsatana, nawonso anali kuima kumbuyo, n'kufunsa pambuyo pake chimene chikugulitsidwa.

Atate anali munthu wotopa. Akabwela kusukulu anali kukhala pa ndowa yovundikila panja, chifukwa mipando inali ndi alendo, n'kundipatsa mulu wa mapepala.

"Mildred, dzanja lako ndi losalala. Tandimalizila izi, langa lalema."

Tsiku lina Lachisanu, mu Ogasiti, anabwela atanyamula khasu latsopano lomangidwa liboni yobiliwila.

"Bashi Mildred," anatelo amai, kuwaitana monga aitanilana Abemba, "khasu la chani mu Chawama? Mulima padenga?"

"Ndi mphatso."

"Mwachita chani?"

Atate anatulutsa kalata ya ku ofesi ya zamaphunzilo. Anawasamutsa. Asinthana malo ndi mphunzitsi wina, a Josiah Mumbi: a Mumbi abwele ku Lusaka, ife tipite ku Petauke. M'mawa wa tsikulo ahedi anawaimika kutsogolo kwa sukulu yonse, ndipo tcheyamani wa Chipani wa m'delalo anauza ana kuti: "Ena akamva zoti tibwelele kumunda amatseka makutu. Koma onani mwamuna uyu! Wapempha yekha kusiya magetsi a mu tauni!" Ana anaomba m'manja, khasu linapelekedwa.

"Munapempha?" anafunsa amai. "Inu? Osandiuza ine?"

Atate anayang'ana khasu, anayang'ana amalume atatu amene anali atasiya kutafuna, n'kukhosomola.

"Mwamuna amaona patali, bana Mildred."

Ine ndinali pakona kusankha nyemba. Ndinali chete. Koma poti ndimakhala chete masiku onse, palibe anazindikila kuti chete wa tsiku limenelo anali wa mtundu wina.

2

Tinanyamuka pa lole kuchiyambi kwa Seputembala. Tebulo la kapenta amai anasiyila mng'ono wawo. Azimai a kwaya yawo anatipelekeza mpaka pamseu akuimba nyimbo imene ndinaimvapo pamalilo pokha.

Titaoloka mlatho wa Luangwa, atate anavula tayi. Pa Nyimba, pamene azimai amathamangila galimoto ndi nthochi pamutu, anagula mkoko wathunthu.

"Bana Mildred, onani! Ku Lusaka nthochi imodzi tinali kuidula panai. Idyani!"

"Sindinakwatiwe ndi nthochi," anayankha amai, maso ali kumene tinachokela.

Nyumba ya aphunzitsi tinaipeza kuseli kwa sukulu, pang'ono kunja kwa Boma: zipinda zitatu, mitengo iwili ya mango, ndi malo olima kumbuyo. Pakhonde panaima mai wina wamtali, wa mpata m'mano, tsache lili m'manja. Lole isanazime n'komwe, anakuwa:

"Wafika! Mwamuna wanga wafika! Bisani nkhuku, Mbemba walowa m'mudzi!"

Awa anali Madamu Doris Daka, mphunzitsi wa zophika ndi zosoka, Mnsenga, wamasiye.

Kwa amene simudziwa: Abemba ndi anthu a kum'mawa kuno ali pa chimbuya. Amanyozana mmene afunila, amalandana zinthu, amaitanana mkazi wanga, kapolo wanga, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Atate chimbuya anachisiya kalekale chifukwa cha kutopa. Koma tsiku limenelo ndinaona nkhope yawo ikutseguka ngati zenela.

"Nkhuku muli nazo inu?" anabweza. "Ndinamva kuti kuno amphaka anasamuka, ndiwo zawo munawalanda."

"Ndakusungila zitatu, mbuya!" Madamu Daka anatulutsa kamtengo kobaya mbewa zitatu zowamba. "Anyani amene mumadya kwanu kuno kulibe, uzolowele." Kenaka anatembenukila kwa ife. "Awa ndi a Christabel, akazi anzanga. Aka ndi ka Jennipher. Ndipo uyu wobisala kumbuyo kwa matilesi ndi Mildred."

Amai anamwetulila ndi mano okha. Chimbuya anali kuchidziwa, koma Alozi amachita chawo ndi Atonga. Ichi sichinali chawo. Mlendo atachoka, anafunsa atate motsitsa mawu:

"Maina a ana anga wawadziwa bwanji?"

"Kaya. Mwina a ku ofesi."

"A ku ofesi adziwa Jennipher?"

3

Petauke anawayanja atate. Pofika Novembala lamba anali atamuboola bowo lina. Anayamba kuimba mluzu posamba. Khasu la liboni lija linagwila ntchito ndithu, ngakhale kuti mizele yawo yoyamba inali yokhota moti ana a sukulu anali kubwela kudzaiona.

Amai Petauke sanawayanje. Pamsika wa pa Boma analibe tebulo, kutchalitchi nyimbo zinali za Chinsenga, ndipo palibe amene anali kudziwa kuti ku Chawama mawu awo ndiwo anali kuyambitsa kwaya. Anali kukhala pakhonde n'kumaluka nsalu ya patebulo imene sinali kutha. Ndipo tsiku lililonse, nthawi yopuma, kuseka kwa Madamu Daka kunali kumveka kuchokela ku ofesi ya aphunzitsi, kwa atate kukutsatila pambuyo.

Tsiku lina amai anabwela kuchigayo akuyenda mofulumila.

"Mildred, bwela kuno. Atate ako asanandikwatile, uphunzitsi anakayesela kuti?"

"Ku Nyimba, amai."

"Ku Nyimba. Nanga Madamu wa mbewa uja kwawo n'kuti? Ndamva lelo. Ku Luembe. Luembe ili kuti?"

"Ku Nyimba, amai."

"Ehe." Anakhala pansi, unga uli m'nsidze. "Zambia yonse iyi, Ndola, Kabwe, ngakhale kwawo ku Mpika, munthu n'kusankha Petauke. Mwakabisila. N'kupeza mkazi akusesa nyumba, maina a ana ali pakamwa." Anandigwila dzanja. "Iwe sunama, mwana wanga. Ukamapeleka tiyi wa atate ako kusukulu, uzitsegula maso. Ukaona kanthu undiuze."

"Inde, amai."

Ndinali kupeleka tiyi, n'kubwela.

"Waona chani?"

"Anali kuchonga mabuku."

"Uja anali kuti?"

"Anali kuwauza kuti Abemba amachonga ndi dzanja limodzi, lina lili m'thumba la mnzawo."

"Atate ako anati chani?"

"Anaseka."

"Anaseka bwanji? Ndionetse."

Ine kuseka kwa atate sindikanatha kukuonetsa. Ndinali kungolowa m'chipinda changa n'kukhala pabedi, manja ali pakati pa maondo. Ndinali kudziuza kuti zidzatha zokha, monga chimfine.

4

Mu Disembala, sukulu itatseka, kunagwa malilo kwa Kalindawalo. Anamwalila amai ake a mlonda wa pasukulu, ndipo aphunzitsi onse ndi mabanja awo tinapita.

Pamalilo ndi pamene chimbuya chimagwila ntchito yake yeniyeni. Ambuya, anzawo a pa chimbuya a ofedwa, ndiwo amatema nkhuni, amakumba manda, amayang'anila miphika. Akatha kuika, amaseka ofedwa ndi kuwathila unga kumutu kuti chisoni chisakhazikike. Tsono m'dela lonselo Mbemba analipo mmodzi. Atate anasenza mtundu wawo wonse paphewa. Anakumba mpaka matuza, ananyamula bokosi, anauza mlonda wofedwayo kuti agogo athawa ndiwo za mbewa, mlondayo n'kuseka misozi ili m'masaya.

Titabwela kumanda, Madamu Daka anakuwa ali pakati pa azimai:

"Kapolo wanga wagwila ntchito lelo! Mupatseni makoko a m'mphika!"

Atate anatapa unga m'lichelo ndi manja awili. Madamu anathawa. Atate anawathamangila. Anazungulila nkhokwe, anadumpha mafuwa, anadutsa pakati pa azibambo a mpingo, mpaka anawapeza pa mtengo wa msekese n'kuwathila unga wonse kumutu. Madamu anavula chitenje chapamwamba, anawakola nacho atate m'khosi n'kuwakoka ngati mbuzi yopita kumsika. Mudzi wonse unagwa ndi phwete.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Amai anali ataima ndi mbale ya madzi osamba m'manja.

5

Tsiku lotsatila, titadya chamasana, amai anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

"Bashi Mildred, ndakhala nanu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Basi ikakusiyani munali kungoiyang'ana. Galu wa eni nyumba ku Chawama atakuthamangitsani, munayenda. Mailo ndakuonani mukudumpha mafuwa."

"Ndi mwambo, bana Mildred."

"Mwambo wanuwo uli ndi mpata m'mano."

"Mai uja ndinamuona koyamba tsiku limene tinafika!"

"Ndiye munapemphelanji Petauke? Ndiyankheni chimenecho chokha, ndibweze sutikesi."

Ine ndinali pakhomo la khichini ndi mbale zotsuka. Atate anakhala pansi. Anapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Sindinapemphe."

"Mwati?"

"Kalata yopempha sindinalembe ine. Ndinamvela pamodzi ndi ana a sukulu."

"Nanga khasu munalandilanji?"

"Mukanatani inu? Ana mazana asanu akuomba m'manja, tcheyamani wa Chipani wandigwila paphewa. Ndinene pamenepo kuti ine kumunda sindifuna? Mukanandiona liti? Ndinaganiza kuti ndinu munakonza ndi asuweni anu aja a ku ofesi, kuti tithawe alendo, ndiye mukungokwiya kuti abale anga asakudziweni."

"Ine? Ndisiye tebulo langa? Ndisiye kwaya?"

Ndinaona maganizo a amai akuyenda pankhope pawo, ndipo ndinadziwa kumene akupita.

"Ngati si inu, si ine," anatelo pang'onopang'ono, "ndiye kuti ndi iye. Anakuitanitsani ngati katundu. Ndipo inu mwabwela, mwanenepa." Anaponya madilesi mu sutikesi. "Mailo m'mawa ndikwela basi. Jennipher ndipita naye. Mildred atsale akuphikileni mpaka mbewa zitayamba kubwela zophikaphika. Koma ndisanakwele, ndikamuona."

Ndinatsegula pakamwa. Mulungu ndi mboni, ndinatsegula. Munangotuluka mpweya.

"Usalile, mwana wanga," anatelo amai pondiona. "Iwe ndiwe wekha m'nyumba muno amene sunandinamizepo."

6

M'mawa ndinasenza sutikesi pamutu. Amai anali patsogolo, atagwila Jennipher padzanja. Atate anali kutsatila kumbuyo ndi patapata, akuti, "Bana Mildred, anthu akuona." Ndipo anthu anali kuonadi; akazi a aphunzitsi onse mwadzidzidzi anapeza chosesa panja.

Madamu Daka anali pakhonde pawo akusenda nshawa zobzala.

"Madamu Daka," anatelo amai, "ndabwela kukusiyilani katundu amene munaitanitsa. Uyo akubwela apoyo. Amadya kawili, sakonda mchele wambili."

Madamu anayamba kuseka, koma ataona sutikesi kuseka kunazima.

"Anyina Mildred, khalani pansi."

"Ndiima. Kalata yomuitanila kuno munalemba ndinu."

"Kalata iti?" Anayang'ana amai, anayang'ana atate. "Oo. Kalata ija."

Analowa m'nyumba n'kubwela ndi pepala lopinda panai. Anafotokoza kuti a Mumbi, amene tinatenga nyumba yawo, anali kulila Lusaka zaka ndi zaka. Anaika chilengezo m'nyuzipepala chofuna mphunzitsi wosinthana naye. Yankho linabwela limodzi lokha. Analithamangitsa okha ku maofesi mwini wake asanasinthe maganizo, ndipo pochoka anasiyila Madamu kalatayo kuti akonzele alendo nyumba.

"Ili m'Chingelezi," anatelo Madamu, "koma imati: Ine Abraham Chibuye, nambala yanga ya ntchito ndi iyi, ndavomela kusinthana nanu. Ndili ndi mkazi, Christabel, ndi ana awili, Mildred ndi Jennipher. Mwalemba kuti nyumba ili ndi zipinda zitatu. Chonde ndiuzeni ngati chipinda chachitatu chili ndi chitseko chake, ndiponso ngati chitsekocho chimakhomeka mkati."

Anapinda pepala.

"Yathela pomwepo. Mwamuna wa zaka makumi awili pantchito. Sanafunse kalasi imene adzaphunzitse, sanafunse madzi, sanafunse chipatala, ngakhale kumene amagulitsa mowa. Chitseko basi. Tinaseka sabata yathunthu mu ofesi. Tinati Mbemba ameneyu akubwela ndi katundu wakuba."

Atate analanda kalata ija. Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa.

"Siginecha ndi yanga," anatelo ndi mawu ang'ono. "Koma sindinalembe."

"Ndiye ndi mizimu," anatelo amai.

"Anyina Mildred," anatelo Madamu, ndipo ulendo uno munalibe nthabwala m'mawu awo, "mwamuna wanga weniweni ali m'manda kwa Nyampande, ndipo sindifuna wina. Uyu ndimamuseka chifukwa ndi mbuya, ndiponso chifukwa anafika kuno ali ngati nsalu yochapidwa kwambili. Kalata sindinalembe. Koma ndaphunzitsa atsikana zaka zambili. Tsiku limene lole yanu inafika, ndinaona amene anatsika n'kupita kukagwila chitseko chija, asanaone n'komwe mango." Anatolanso nshawa zawo. "Kugwila akuba si ntchito yanga. Akuba ndi abale a Mbemba wangayu."

Sanandiyang'ane. Anangopitiliza kusenda.

Kutali, cha ku Boma, basi inaliza hutala yoyamba. Amai anakoka Jennipher.

"Mildred, tiye."

Ndinatula sutikesi. Miyendo inanditengela kwa atate. M'thumba la shati yawo simusowa choko, ngakhale pa tchuthi. Ndinachitenga, ndinagwada pa sitepe yofiila ya Madamu Daka, n'kulemba: A. M. Chibuye. Ndinamaliza ndi kamchila kopindika pansi, kamene atate amati palibe angakaphunzile.

Atate anaika kalata pambali pa sitepe, nayang'ana uku ndi uku.

"Malipoti," ananong'ona. "Zaka zitatu amandisainila malipoti."

"Iwe?" anatelo amai. "Iwe, Mildred?"

"Nyuzipepala inali yokulungila kapenta, amai. Ndinaona chilengezo. Sindinadziwe kuti zidzachitikadi. Ndinangofuna kudziwa za chitseko."

"Chitseko! Wandichotsa pamsika, wandichotsa pakati pa anzanga, wanditengela kuno kudzapenga pamaso pa anthu, chifukwa cha thabwa?"

Apo ndiye mawu anabwela, onse pamodzi, ngati madzi a pampopi wa ku Chawama akakhala atasowa sabata.

"Ndinali kuvalila m'bulangete, amai. M'mawa uliwonse, kuyambila Giledi 6. Amalume anali kutembenukila kukhoma, koma ena anali kuchedwa kutembenuka. Nditakula, nsalu zanga za kumwezi ndinali kuyanika pansi pa tebulo, pamene ndinali kugona, n'kuzivala zisanaume. Ndinali kuopa kutsokomola. Ndinali kuopa kugona chagada."

Atate anavula magalasi n'kuyang'ana kumbali. Amai anakhala pa sutikesi.

"Unali ndi pakamwa," anatelo, koma mawu anali atatsika.

"Munali pa mzele wa saladi."

Basi inaliza hutala yachiwili, kenaka tinaimva ikukwela kupita kumseu waukulu. Jennipher yekha ndiye anaidandaula.

7

Sanandimenye. Bwenzi zili bwino akanandimenya. Amai anakhala masiku asanu ndi anai osandilankhula. Akafuna mchele anali kuuza Jennipher kuti auze "mlembi wa boma".

Atate anayesa kundikalipila, koma amai anawadula.

"Inu khalani chete. Mwana anaba dzina lanu kamodzi. Inu mwadya ulemu wakuba miyezi inai. Tengani khasu lanu la liboni, mundawo ukudikila munthu woona patali."

Kwa Madamu Daka amai sanapite kukapepesa. Patapita masiku atatu anatumiza Jennipher ndi mbale ya nsomba zouma za ku Mongu, zimene anali kusunga kuyambila ku Lusaka. Mbale inabwela ndi mbewa ziwili. Amai anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kuzipatsa atate.

"Idyani. Za akazi anu."

Koma sutikesi sanaimasule. Inakhala kuseli kwa chitseko cha pabalaza, yomangamanga, Khisimasi yonse ndi Januwale yense. Atate anali kuilambalala ngati njoka yogona.

Mu Febuluwale kunabwela kalata yochokela ku Lusaka, ya a Mumbi. Atate anaiwelenga mokweza. A Mumbi anati Lusaka awaonetsa zimene sanaziyembekeze. Malipilo amatha mwezi usanafike pakati, akazi awo aphunzila kugona pamzele, ndipo m'nyumba imene tinawasiyila anapezamo amuna atatu amene akuti ndi amalume a nyumbayo. Anapempha, m'dzina la Mulungu, kuti tisinthanenso. Iwo adzayendetsa okha mapepala.

Atate anaika kalata patebulo n'kuikankhila kwa amai.

"Ulendo uno munene ndinu, bana Mildred. Mukati tibwelele, tibwelela."

Ndinadziwa kuti ndilibe ufulu wonena kanthu. Amai anatenga kalata ija n'kuiika m'chitenje. Anakhala nayo masiku awili. Tsiku lachitatu anandiitana ndi dzina langa.

"Mildred, tenga pepala. Ulembe ndi dzanja lako lenileni, ngati ukali kulikumbukila."

Ndinakhala pansi.

"Lemba kuti: A Mumbi, kalata yanu taiona. Chimanga chathu chamasula, ndipo palibe munthu wamutu amasamuka kusiya chimanga m'munda. Mutilembelenso tikakolola, tidzaona. Amalume muwapatse moni. Wamtaliyo sadya delele." Anatenga cholembela m'manja mwanga. "Posaina ndisaina ndekha. M'nyumba muno aliyense azisaina zake."

A Mumbi analembanso mu Meyi. Amai anayankha kuti nshawa sizinaume. Analembanso mwezi watha. Amai anayankha kuti kwaya ya kuno ili ndi mpikisano ku Nyimba mu Okutobala, ndipo Ansenga akawasiya okha amayamba nyimbo pamwamba kwambili.

Tsono inu owelenga, musathamangile kunena kuti zinatha bwino, ndiye kuti mwanayo anachita bwino. Sindinachite bwino. Ndinasamutsa anthu anai ndi dzanja limodzi, ndinatsala pang'ono kupasula ukwati wa makolo anga, ndipo mai wosalakwa anatukwanidwa pakhonde pake ine nditasenza sutikesi. Amai mpaka lelo akamva fungo la kapenta amakhala chete, ndipo ndimadziwa kuti akuona tebulo lawo lili ndi munthu wina.

Kwa anzanga amanyazi ndikuti: chimene mukuopa kunena ndi pakamwa chidzatulukila kwina, ndipo kumeneko chimatuluka chachikulu. Kwa makolo ndikuti: mwana amene sakuvutitsani muzimufunsa kawili. Ife achete sitikhala opanda nkhani, timangosowa poyambila.

Amai sananene kuti andikhululukila, ndipo ine sindinapeze mawu opepesela. Mwina akawelenga magazini ino kwa Madamu Daka adzawapeza muno. Sutikesi anaimasula pambuyo pa kukolola. Koma pamwamba pa kabati sanaibwezele. Ili pansi pa bedi lawo, chogwilila chikuyang'ana kunja, ndipo m'mawa uliwonse ndikamasesa ndimaikankhila mkati pang'ono.